Mwendo wa achimwene unapulumuka: wodi nyenyezi 4, labu 2, botolo la ma antioxidant 1

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene muli ndi bandulo yochepa musavutike. Chithandizo cha mu wodi ndi ku thiyeta ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5, labu yawo 2, ndipo botolo la makapisozi a ma antioxidant (amene amati amateteza maselo a thupi kuti asawonongeke) limene alamu anagula kwa munthu wina pa Facebook ndikulipatsa 1, chonde musagule. Dzina la chipatala sinditchula chifukwa pali zina zimene ndidandaule m'munsimu, dziwani chabe kuti ndi cha mishoni, cholipira, m'chigawo chapakati.

Achimwene amagwira ganyu yokweza mchenga pa lole. Lole yawo inagubuduzika potuluka ku mtsinje, mwendo wakumanja kuyambira m'bondo kutsika unapanikizika pansi pa bodi kwa maola opitirira 4, anthu akusakasaka ma jeki ndi lole ina yoti idzakoke. Atawatulutsa fupa linali losathyoka, bala laling'ono chabe, iwo akuyankhula bwinobwino mpaka kufunsa foni yawo, nde pabanja tonse tinati Mulungu ndi wabwino zatha basi. Koma akuchipatala nkhope zawo sizinali zosangalala ngati zathu, ndipo adokotala anandiitanira pambali nkundiuza kuti mayi, zoopsa zikuyamba panopa pamene magazi abwerera m'mwendomo.

Ine ndimaphunzitsa biology ku sekondale nde zimene anafotokoza ndinazigwira msanga, ndikuuzeni m'mene ndimazimvera chifukwa popanda izi simungamvetse chifukwa chake mankhwala ena anapatsidwa ena anakanidwa. Mnofu ukasowa magazi umasowa okosijeni, mphamvu ya m'maselo imatha, timapampu timene timasunga potaziyamu mkati ndi kutulutsa kashiamu kunja timaima. Mnofu umapirira ndithu, nchifukwa chake ku thiyeta amatha kumanga ntchafu kwa maola ngati 2 pochita opaleshoni ya bondo munthu nkukhala bwino, koma zikafika maola 4 mpaka 6 maselo amayamba kuferatu osabwereranso. Tsono pa nthawi yonse imene mwendo watsekekayo zoipa zimangounjikana m'menemo, potaziyamu, asidi, ndi myoglobin amene ndi puloteni yosunga okosijeni mu mnofu, yomwe ija imapangitsa nyama kukhala yofiira. Zili ngati madzi a pampopi akasowa nthawi yaitali, tsiku lobwera amayamba ndi akuda a dzimbiri aja, kusiyana kwake nkwakuti m'thupi mulibe kotayira, zonsezo zimathamangira ku mtima ndi ku impso. Ndipo pali chachiwiri chimene chimandidabwitsa mpaka lero, okosijeni yemweyo amene mnofu umamulira akafika mwadzidzidzi amasanduka wowononga. Pali enzyme ina dzina lake xanthine oxidase imene imatenga zotsalira zija zinaunjikana nkuzisakaniza ndi okosijeni watsopanoyo, nkutulutsa ma free radical amene amaboola makoma a maselo, kenako maselo oyera a magazi amabwera mwaunyinji nkutseka timitsempha ting'onoting'ono, madzi nkumatayikira mu mnofu, mwendo nkutupa. Ndiye kuti mnofu umavulala kawiri, poyamba posowa magazi, kachiwiri magaziwo akabwerera.

Si zachilendo ayi. Mu 1941 dokotala Eric Bywaters ndi mnzake Desmond Beall analemba za anthu 4 amene anatulutsidwa m'zigumukire za nyumba ku London nthawi ya mabomba a nkhondo yachiwiri, akuoneka bwino ndithu, kenako mkodzo unasiya nkumwalira patapita masiku angapo. Pa chivomerezi cha ku Marmara ku Turkey mu 1999 anthu 639 anavulala impso mwa njira imeneyi ndipo 477 anafunika dialysis, makina osefa magazi m'malo mwa impso. Ndikaganiza za anthu amene anakwiririka ku Chilobwe nthawi ya Freddy mu 2023, kapena abale athu aja nyumba inawagwera ku George ku South Africa mu 2024, ndimaona kuti nkhaniyi ndi yathunso ndipo tikuyenera kuidziwa.

Nyenyezi yoyamba ndikuipereka kwa anyamata a ambulansi. Anafika lole isanadzutsidwe, ndipo anthu amene analipo akuti panali mkangano chifukwa aliyense amafuna kukoka msanga, koma clinical officer amene anabwera nayo anakana, anati tiyambe taika diripi. Analowa pansi pomwepo nkubaya pamkono, normal saline kuyamba kuyenda achimwene akadali opanikizika. Izi ndi zimene malangizo a akatswiri a impso a pa ngozi zikuluzikulu amanena, kuti munthu wamkulu ayambe kulandira ngati lita 1 pa ola asanachotsedwe nkomwe, kuti poizoni uja akamatuluka apeze magazi ambiri omusungunula ndi impso zimene zikugwira kale ntchito. Ndipo anasankha saline dala osati diripi ina yotchedwa Ringer's lactate, chifukwa Ringer's muli potaziyamu pang'ono ndipo munthu wotere safunika wina woonjezera. Madzi a mchere chabe, otchipa kuposa chilichonse pa bilu yathu, koma ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi amene anapulumutsa impso za achimwene.

Apa ndionjezere kanthu kamodzi chifukwa kumudzi timakachita kwambiri. Munthu akalumidwa ndi njoka timathamangira kumanga mwendo ndi mphira wa chubu cha njinga zolimba kwambiri, nkuyenda naye maola ambiri. Ndi vuto lomweli ndendende. Anesi anandiuza kuti amalandira anthu amene mwendo wawonongeka ndi mphira kuposa njokayo. Osamanga choncho, ndipo ngati wina wamanga kale kwa nthawi yaitali kamasuleni kuchipatala diripi ili pamkono.

Titafika anawaika pa makina oona kagundidwe ka mtima, ECG ija, ndipo adokotala anandionetsa pa pepala kuti taonani ma T wave awa asongoka, ndi chizindikiro choti potaziyamu wakwera. Zotsatira zitabwera anali 6.8, pamene munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5. Potaziyamu wochuluka choncho amaimitsa mtima osachenjeza. Apa nde ndinaona anthu odziwa ntchito, palibe kukuwa, palibe kuthamangathamanga kopanda pake, aliyense akudziwa chochita. Anayamba ndi calcium gluconate mu mtsempha pang'onopang'ono, ameneyu satsitsa potaziyamu ayi, amangoteteza mtima kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi kuti mupeze mpata. Kenako insulin pamodzi ndi glucose, alamu anadabwa nkumati koma amuna anga alibe shuga bwanji mukuwabaya za shuga, asisita nkuwafotokozera modekha kuti amayi, insulin amakankhira potaziyamu kubwerera m'maselo, glucose ndi woti shuga asatsike kwambiri. Ndipo anayezadi shuga pa chala pafupipafupi usiku wonse, osaiwala. Chachitatu salbutamol wa pa nebulizer, yemwe uja wa anthu a mphumu, nayenso amachita chimodzimodzi. Mtima wawo unagunda mwaliwiro manja nkumanjenjemera koma anatiuza kale kuti zikhala choncho nde sitinachite mantha. Ichi ndi chinthu chimene ndinachikonda kwambiri pa chipatala chimenechi, amakuuza zimene zichitike zisanachitike.

Kenako inabwera ntchito ya mkodzo. Anaika katheta, ndipo zimene zinatuluka m'thumba lija sindidzaiwala, mkodzo wakuda wofiirira, wochepa, ndi myoglobin uja. Mu mkodzo wa asidi amaundana nkutseka timachubu ta impso, komanso ayironi amene ali mkati mwake amawotcha timachubuto. Cholinga chawo chinali choti azikodza mamililita 200 mpaka 300 pa ola, nde mabotolo a diripi amangosinthana usana ndi usiku, asisita kubwera ola lililonse kuyeza nkulemba pa tchati, kumvetsera chifuwa kuti madzi asadzaze m'mapapo chifukwa diripi yambiri kwa munthu amene impso zatseka ndi yoopsanso. Ife magadiyani anatiphunzitsa kuwerenga thumba ndi kulemba chilichonse chimene amwa, ngakhale theka la kapu. Usiku anesi amachepa, wodi yonse awiri okha, nde kukhala ndi gadiyani wamaso kunathandiza kwambiri, panali nthawi ina diripi inaima chifukwa mkono unapindika ndipo ndi alamu amene anaona. Mkodzo utayamba kuyera kuchoka pa wakuda kufika pa wachikasu alamu analira ndi chimwemwe pamaso pa wodi yonse.

Za sodium bicarbonate ndi mannitol ndinafunsa dala chifukwa ndinali nditawerenga pa foni kuti amagwiritsidwa ntchito. Bicarbonate anapereka pang'ono popeza magazi anali ndi asidi wambiri, ndipo ganizo lake ndi loti mkodzo ukachepa asidi, pH kupitirira 6.5, myoglobin saundana. Koma adokotala ananena chilungamo kuti umboni woti bicarbonate amaposa saline payekha ndi wofooka, ndipo akachuluka amatsitsa kashiamu m'magazi munthu nkuyamba kukokana. Mannitol anakana kumene tsiku loyamba. Anati ameneyu amakoka madzi kuchokera mu mnofu wotupa nkuwatulutsira mu mkodzo, ena amatinso amachotsa ma free radical, koma amaperekedwa kwa munthu amene akukodza kale bwino, ukampatsa amene mkodzo watseka umangomudzaza madzi nkupwetekanso impso zomwezo. Ine dokotala wonena kuti ichi tikudziwa, ichi umboni wake ndi wochepa, ndimamukhulupirira kuposa wolonjeza zonse.

Pa mankhwala a ululu mpamene ambiri tingalakwitse. Achimwene ndi munthu wa diclofenac, ntchito yawo ija msana ukawawa amangogula pa grosale nkumeza, nde amapempha yemweyo, alamunso anali ndi bulufeni m'chikwama. Asisita anachita kulanda paketiyo nkuisunga ku ofesi kwawo, ndipo anachita bwino. Diclofenac, bulufeni, indocid, onsewa amachepetsa magazi opita ku impso, nde kwa munthu amene impso zikulimbana kale ndi myoglobin ndi kumumaliza. Chimodzimodzi gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya amene amapwetekanso impso, adokotala analemba ndi zilembo zikuluzikulu pa faelo kuti asaperekedwe, m'malo mwake anapereka ceftriaxone ndi jakisoni wa kafumbata. Ululu anauthana ndi morphine wochepa woyezedwa bwino, popeza impso zikafooka amachedwa kutuluka m'thupi, pamodzi ndi panado pa nthawi yake. Ndipo za panado pali nkhani yosangalatsa, mu 2010 ofufuza a ku Vanderbilt ku America anaonetsa pa makoswe kuti panado amachepetsa kuwononga kumene myoglobin amachita ku impso, ndipo mu 2018 kafukufuku wa ku Bangladesh pa odwala malungo aakulu anaonetsa kuti amathandiza impso, poti pa malungo maselo ofiira akasweka amatulutsa hemoglobin, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, amene amawononga mofanana. Sikuti panado ndi mankhwala a matendawa, ndipo musapyole mlingo chifukwa amapweteka chiwindi, koma zinandikhazika mtima pansi kudziwa kuti amene akumwa akukhala kumbali ya impso.

Usiku woyamba womwewo katumba anatupa nkulimba gwa, khungu kuchita kunyezimira, ululu wosamva morphine. Orthopaedic clinical officer anabwera nkungopinda chala chachikulu cha kuphazi m'mwamba pang'ono, achimwene anakuwa mpaka wodi yonse kudzuka, iye nkuti basi tikupita ku thiyeta pompano. Ine ndinati koma phazi likutentha ndipo mtsempha ukugunda, iye anati mayi mukadikira kuti usiye kugunda mwendo wapita kale. Imeneyi ndi compartment syndrome, minofu ya katumba ili m'zipinda 4 zokutidwa ndi chikopa cholimba chosatamuka, nde ikatupa imadzitsamwitsa yokha magazi nkusiyanso kulowa kachiwiri. Palibe piritsi kapena jakisoni wothetsa izi, ndi mpeni basi. Anang'amba mbali zonse ziwiri za katumba kutalika kwake konse nkusiya mabala osasoka, kuona koyamba ndinachita chizungulire sindinama. Anabwerera nawo ku thiyeta kangapo kukachotsa mnofu wakufa, kenako mbali imodzi anasoka ina anaika khungu lochokera pa ntchafu. Kuyambira pamene anapinda chala mpaka kulowa mu thiyeta sipanathe ola, ndipo sanatifunse dipoziti kaye, pepala la ndalama linabwera m'mawa. Pa ichi chokha ndikanapereka nyenyezi zonse 5.

Bedi loyandikana nalo panali bambo ena amene anandiphunzitsa kuti vutoli silibwera ndi ngozi yokha. Iwo anali ndi matenda a mtima, magazi anaundana mu mtima chibuma nkuthothoka kukatseka mtsempha wa mwendo, mwendo kuzizira ndi kuchita dzanzi mwadzidzidzi ali pakhomo. Kwa iwo mankhwala oyamba anali heparin, woletsa magazi kupitiriza kuundana, kenako dokotala wa opaleshoni anachotsa chibumacho ndi kachubu kokhala ndi kabaluni kumapeto, kamene Thomas Fogarty anatulukira m'zaka za m'ma 1960. Mtsempha utatseguka anayamba kuwayang'anira zomwezo za achimwene, potaziyamu, mkodzo, kutupa kwa katumba. Achimwene heparin wotere sanalandire poyamba chifukwa cha mabala otseguka ndi mnofu wophwanyika, anadzayamba mochedwa kamlingo kakang'ono koteteza poti amagona nthawi yaitali. Ndinaona kuti samangopereka mndandanda umodzi kwa aliyense.

Tsono labu. Apa nde pali ntchito. Kuyeza kumene kumaonetsa kukula kwa kuwonongeka kwa mnofu ndi CK, creatine kinase, akapitirira 1,000 amati mnofu ukusweka, akadutsa 5,000 impso zili pa chiopsezo. Iwo analibe zoyezera CK, nde magazi timachita kunyamula tokha kupita nawo ku labu ya pulaiveti mtauni, kulipira kwina, kudikira, nkubwera ndi pepala. Zoyamba zinatuluka kupitirira 40,000. Potaziyamu ndi creatinine, amene amakwera m'magazi impso zikafooka, amayeza pompo koma loweruka lina makina anavuta, tsiku lonse adokotala kumangodalira ECG ndi thumba la mkodzo, pa matenda amene potaziyamu amatha kulumpha m'maola ochepa. Zotsatira zina zimachedwa mpaka kufika nthawi yoti zilibenso ntchito. Ogwira ntchito mu labumo ndi aulemu ndipo amapepesa, vuto si iwo, ndi a utsogoleri amene akuyenera kuona kuti chipatala cholandira anthu a ngozi za pamsewu sichingakhale chopanda zinthu zimenezi. Komanso alibe makina a dialysis. Creatinine wa achimwene anakwera masiku oyamba mpaka adokotala anayamba kuimba mafoni kukonzekera kutitumiza, popeza nthawi imeneyo m'zipatala za boma dialysis imene timaidziwa inali ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queens ku Blantyre. Mwamwayi anaima nkuyamba kutsika tisananyamuke, koma anatiuza poyera kuyambira pachiyambi kuti zikafika pakuti tikutumizani, sanabise kuti asunge kasitomala.

Ndifike pa botolo lija, chifukwa ndi limene landipangitsa kulemba zonsezi. Alamu ataika chithunzi pa Facebook kupempha mapemphero, munthu wina anawalembera ku inbox kuti ali ndi makapisozi ochokera kunja okonza minofu imene inasowa magazi, anatchula mpaka ma free radical ndi oxidative stress, mawu omwe aja adokotala ananena, nde alamu anakhulupirira. Sindikuwadzudzula, mkazi amene mwamuna wake ali pa bedi mwendo uli chitsegukire agula chilichonse. Anatumiza ndalama pa foni, ndalama imene inali yolipirira bilu, botolo linabwera pa minibasi. Lokongola, lolembedwa NAC, vitamin C mamiligalamu 1,000, vitamin E, coenzyme Q10 ndi masamba ena osatchulidwa mlingo, lopanda nambala ya kaundula wa PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo wogulitsayo anaonjezera kuti azimwera juwisi wa nthochi ndi mapeyala kuti mphamvu ibwerere. Nthochi ndi mapeyala, kwa munthu amene madzulo omwewo amamubaya insulin kuti potaziyamu atsike! Mu wodi anali atatiletsa kale nthochi, mapeyala, tomato wambiri, mbatata ndi madzi a malalanje mpaka impso zitadzuka.

Tinawaonetsa adokotala tisanatsegule, ndipo sanatinyoze, anakhala pansi nkuwerenga chikalata chonse. Anati mayi, ganizo la ma antioxidant si labodza, koma botolo ili silingachite zimene akulonjezazo. Chifukwa choyamba ndi nthawi. Ma free radical aja amachita chiwembu chawo m'mphindi ndi maola oyambirira magazi akangobwerera, nde pa kafukufuku mankhwalawo amaperekedwa mu mtsempha magazi asanatsegulidwe kapena pa nthawi yomweyo, kapisozi womeza patapita sabata wapeza nkhondo itatha kale. Chachiwiri, vitamin C wochuluka thupi limamusandutsa oxalate amene amaundana mu impso, kwa munthu wa impso zodwala ndi kuonjezera moto. Chachitatu masamba osadziwika aja palibe angakuuzeni kuti impso ziwalandira bwanji. NAC payekha ndi mankhwala enieni, zipatala zimagwiritsa ntchito kupulumutsa chiwindi cha munthu amene wamwa panado wambiri komanso kusungunula makhololo, ndipo anamuyesapo pa maopaleshoni a bondo omanga ntchafu aja, manambala a mu labu amasintha pang'ono koma kunena kuti amapulumutsa mwendo palibe anatsimikiza.

Ndinapitiriza kuwerenga ndekha usiku mu wodimo ndipo ndinapeza kuti nkhani ya mankhwala a vutoli ndi yomvetsa chisoni ndithu. Kuyambira m'ma 1980 pamene Joe McCord ndi anzake anafotokoza za xanthine oxidase, anthu anaganiza kuti yankho lapezeka, popeza mankhwala otseka enzyme imeneyi analipo kale, allopurinol, yemwe uja amamwa anthu a gout, matenda otupitsa molumikizira mafupa. Pa makoswe ndi nyama zina amagwira bwino, mnofu umapulumuka, koma pa anthu sanafike pokhala chithandizo chovomerezeka cha mwendo. Cyclosporine nayenso anapatsa anthu chiyembekezo chachikulu pa mnofu wa mtima, chifukwa amateteza mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselo, magazi akabwerera, koma kafukufuku wamkulu wotchedwa CIRCUS amene anatuluka mu 2015, wa odwala pafupifupi 1,000 a matenda a mtima, anapeza kuti palibe kusiyana ndi amene sanalandire. Edaravone analoledwa ku Japan mu 2001 koma pa sitiroko, osati pa mwendo. Chifukwa chimodzi nchoti khoswe wa mu labu ndi wamng'ono wathanzi ndipo wofufuza amadziwa mphindi yeniyeni imene atsegule mtsempha, pamene munthu weniweni amafika mochedwa, wataya magazi, mwina ali ndi shuga kapena BP, ndipo lole yachotsedwa kale. Nde ngati mayunivesite akuluakulu ndi ndalama zawo zonse sanapezebe piritsi la vutoli, munthu wa ku inbox walitenga kuti? Zimandipweteka chifukwa amasaka anthu pa nthawi imene ali ofooka kwambiri. Titamuuza kuti adokotala akana anasiya kuyankha, ndalama sizinabwerere.

Zina mwachidule. Wodi ndi yaukhondo, mabala amatsukidwa tsiku lililonse ndipo sanalowe mafinya. Malo ogona magadiyani ndi opanikiza, madzi otentha kulibe, tengani mbaula ndi bulangete lanu. Bilu anatipatsa yolembedwa chimodzichimodzi, zodula zinali thiyeta ndi bedi, mankhwala onse ndatchulawa anali mbali yaing'ono kwambiri, ndipo anatilola kulipira pang'onopang'ono titakambirana ndi a ku akaunti. Potuluka anatilembera m'buku la kuchipatala mankhwala oti apewe, diclofenac ali pamwamba penipeni, ndi tsiku lodzayezanso creatinine pakatha miyezi 3, popeza impso zimene zinavulalapo zimafuna kuziyang'anira ngakhale zitachira.

Nyenyezi yachisanu ija ndaichotsa chifukwa cha physiotherapy. Mnofu wina wa kutsogolo kwa mwendo unafa nkuchotsedwa, mtsempha wa ubongo wodzutsa phazi unavulalanso, nde achimwene phazi limagwa akamayenda, amachita kukweza bondo kwambiri kuti zala zisakokere pansi. Izi zimafuna masewero a tsiku ndi tsiku kuyambira ali pa bedi komanso kachitsulo kapena kapulasitiki kogwira phazi kuti lisaumire chogwa, koma wa physio amabwera kamodzi pa sabata ndipo za kapulasitikiko tinamva kwa gadiyani mnzathu osati kwa iwo. Tinakapangitsa kwina titatuluka kale, phazi litayamba kuuma, panopa akulimbana nalo ndi thaulo m'mawa ndi madzulo. Ngati m'bale wanu agonekedwa kumeneko ndi vuto ngati ili, funsani za physio ndi chogwirira phazi tsiku lomwe watuluka ku thiyeta, ndipo funsaninso ngati zoyezera CK zafika kuti mudziwiretu ngati mufunika thiransipoti yopita mtauni.